Sitima nazo zimalowa ufumu

Ku Rufunsa kulibe nyanja, koma za dzina losafa n'zodziwika: mfumu ikamwalira, dzina laufumu la Mpanshya limakhalapobe. Sitima nazo zimatero. Ilala ya pa nyanja ya Malawi, yomwe inayamba ntchito mu 1951, inalowa dzina la Ilala ya amishoni ya mu 1875. Ena amati n'chinyengo, poti mulibe ngakhale msomali wa sitima yakaleyo. Nanga wolowa ufumu amavala mano a malemu? Aamerika ndiye ananyanya. Dzina la Enterprise linachoka pa sitima zankhondo n'kupita pa chombo chongopeka cha mu Star Trek, ndipo mu 1976 okonda seweroli anachonderera boma mpaka chombo chenicheni cha NASA chinalandira dzinalo. Chopekacho chinayendera nyenyezi. Chenichenicho chinangouluka poyesedwa, lero chili phee m'nyumba yoonetsera zakale ku New York.