Mndandanda wa Mabuku Oti Awerengedwe

Mndandanda wa mabuku oti awerengedwe ndi kapepala komwe munthu amalembapo mayina a mabuku pa 1 Januwale, m'mimba mukadali mpunga ndi nyama. Kudera la Chitukula kapepalaka kamasungidwa kuseri kwa kalendala kapena m'kati mwa buku la nyimbo. Mlembi wa danga lino ali nako kake, ndipo mayi a kunyumba kwake amati pa katundu yense wa m'nyumbamo ndi kokhako komwe kamachuluka chaka ndi chaka.

Pamwamba penipeni pamakhala Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lomwe lidatuluka mu 1933. Pomafika 1934 n'kuti T. Cullen Young atalimasulira kale lonse m'Chingerezi. Mlembiyu, yemwe akuliwerenga m'chinenero chomwe adayamwira, akadali pomwe Nthondo ali mwana. Pabawo pa Nsaru amalitama bukuli mokweza mawu, koma wina akangofunsa za mathero ake, iye amakumbukira kuti mbuzi sizinamasulidwe. Pansi pake pali Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe komanso Njala Bwana la Willie Zingani. La Zinganili adaliwerenga pachikuto pokha m'mwezi wa Febuluwale, n'kuona kuti nkhaniyo akuidziwa kale.

Zolepheretsa kuwerenga zimatsata nyengo, ndipo nyengo iliyonse ili ndi yake. Dzinja ndi la kupalira ndi kubandira. Kenako pamabwera kuthyola fodya, kusoka ndi kupachika m'chigafa, ntchito yomwe imasiya zala zili zomata moti tsamba la buku silingatsegulidwe mwaulemu. Mabelo akapita ku okushoni ku Kanengo, munthu amadikira ndalama, ndipo mtima wodikira suwerenga. Ndalamazo zikafika zinthu zimaipiraipira, pakuti sizidamvekepo kuti mlimi wakhala pakhonde ndi buku m'thumba muli makwacha a fodya. Chilimwe ndi cha maukwati, ziliza ndi gule. Mu Okutobala kumatentha, ndime imodzi tulo tabwera. Usiku nyale ya sola ilipo ndithu, koma moto wake umathera kutchaja foni.

Mdani wina ndi kubwereketsa. Buku likapita ku Kabudula limabwerako litaonda: masamba oyambirira adakulungira mandasi, akumapeto agogo adapichirira chingambwe, apakati chiswe chidalawako. N'chifukwa chake owerenga ambiri a kuno amadziwa za mkangano wa m'buku koma sadziwa chomwe chidauyambitsa ngakhale amene adapambana. Mlembiyu amadandaula kwambiri za khalidweli, ngakhale kuti pansi pa mwendo waufupi wa tebulo lake pali buku la mlamu wake wa ku Nambuma.

Pa mabuku a masiku ano, lomwe limamusowetsa mtendere ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba, la mu 2009. Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu, adabwereka mulaibulale buku lotchedwa Using Energy n'kupanga makina a mphepo otulutsa magetsi ali ndi zaka 14. Mlembiyu wakhala akubwereka mabuku kuyambira ali mnyamata, koma ngakhale mpini wa khasu amakagula pamsika wa Namitete. Filimu ya nkhaniyi itatuluka mu 2019, iye adachonga bukulo kuti lawerengedwa. Amene adakhala naye pafupi m'nyumba ya kanema pa Mpingu amati makinawo pomayamba kuzungulira n'kuti iye akuliza mkonono.

Komabe si zoona kuti munthuyu sawerenga. Ulipo mndandanda umodzi womwe amauwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso kuchokera pansi, chala chikutsata mzere uliwonse: wa mayina a olandira feteleza wotsika mtengo. Dzina lake likasowa amabwereka magalasi n'kuyambiranso. Pamenepo palibe adamuonapo akusinza.