Kiyi wa kompyutayo ali ndi ndani?

Ku Biwi, mu Lilongwe, nkhani imakoma nthawi ya nkhomaliro, amakaniko akatsamira magalimoto odikira masipeya. Tsiku lina ndili komweko, mkulu wina wa zamagetsi anali atakhuthula mawaya a pansi pa dashibodi ya Sienta yokana kulira. Mnyamata wake anabwera ndi kamakina ka diagnosis n'kukalumikiza pa kasoketi ka mano 16 kamene kamakhala pansi pa chiwongolero.

"Madala, musavutike ndi testa. Galimotoyi inena yokha pamene pakupweteka."

"Inene yokha? Ine ndinayamba ntchitoyi galimoto ili ndi batire, koyilo ndi mafyuzi owerengeka. Waya ukaduka, unkautsata ndi chala mpaka kuupeza."

Mnyamatayo sanatsutse. Anangofotokoza kuti m'galimoto za masiku ano injini ili ndi kompyuta boksi yake, mabuleki yawo, mawindo yawo, ndipo zonse zimalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN, amene kampani ya Bosch ya ku Germany inatulutsa mu 1986. M'galimoto zodula timabokosi timeneti timatha kufika 100, mawaya ake n'kukwana makilomita angapo.

"Koma zimene zikubwerazi n'zina, madala. Akugawa galimoto m'zigawo: kutsogolo, kumanzere, kumanja, kumbuyo. Chigawo chilichonse bokosi limodzi, lolandira zonse zapafupi, kaya ndi nyali, loko kapena sensa, n'kutumiza pa chingwe cha Ethernet ku kompyuta yaikulu yapakati. Monga anyakwawa amatengera nkhani kwa Gogo Chalo."

Anatchula Rivian, kampani ya ku America imene mu 2024 inachepetsa mabokosi kuchoka pa 17 kufika pa 7, n'kuchotsa mawaya okwana makilomita 2.6 m'galimoto imodzi. Volkswagen inakopeka nazo mpaka kulowa nawo mgwirizano chaka chomwecho.

Woyendetsa takisi amene ankadya chipisi pambali analowerera. Iye anamva kuti mu 2018 mabuleki a Tesla Model 3 atadandaulidwa kuti akuchedwa kugwira, kampaniyo inawakonza pa intaneti, magalimoto ali kunyumba kwa eni ake.

"Popanda sipanala, achimwene?"

"Popanda ngakhale kutsegula boneti."

Mkulu uja anapukuta manja pa ovolosi, n'kufunsa funso limene linandiimitsa kutafuna: "Nanga kiyi wa kompyuta yaikuluyo amakhala ndi ndani?"

Mawaya kuchepa n'kwabwino ndithu: galimoto imapepuka, ndipo malo oduka kapena odyedwa ndi makoswe amachepa. Koma magalimoto athu ambiri timagula atatumikira kale ku Japan, n'kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Toyota inalengeza mu 2025 kuti RAV4 yatsopano ikhala ndi pulogalamu yake yotchedwa Arene. Zaka khumi sizichedwa, galimoto zotere zidzaima pa Biwi pomwepa. Bokosi limodzi likadzapsa, nyali, mawindo ndi maloko a mbali yonse zidzafera limodzi. Ndipo kale lomwe pali mabokosi amene ukawagula kwa ophwasula magalimoto sagwira ntchito mpaka atalembetsedwa ndi pulogalamu ya kampani yopanga. Makaniko wa luso lake lonse angathe kungoima manja m'thumba, kasitomala akumuyang'ana.

Kumene amapanga magalimotoku anthu akulimbirana kale zimenezi. Mu 2020 ovota a ku Massachusetts anavomereza lamulo lokakamiza makampani kutsegulira magalaja wamba uthenga umene galimoto imatumiza. Ife kuno sitipanga galimoto, koma tingathe kuonetsetsa kuti ana amene akuphunzira umakaniko m'masukulu a TEVETA akutuluka odziwa kuwerenga netiweki ya m'galimoto monga amadziwira kumasula injini. Zimenezi zikufunika ziyambe tsopano, galimotozo zisanafike.

Mnyamata uja anakumbutsa vuto lina: mapulogalamu enieni a makampaniwa amalipiridwa m'madola, ena chaka ndi chaka, pamene ndalama zakunja zikusowa m'dziko muno.

"Galaja imodzi siingakwanitse, madala."

"Ndani wanena imodzi? Mzere uno uli ndi magalaja angati? Tisonkherane tigule laputopu ndi laisensi yake, izikhala kwa iwe. Loweruka uwaitane onse tidzakambirane."