Kasikuluwu ka pa kabuleta, mfumu ya galimoto ikaima

Pa zitsulo zonse zimene zili pansi pa boneti ya galimoto yakale, palibe chimene ndimachilemekeza kuposa kasikuluwu ka aidiling'i. N'kakafupi kuposa chala chakaniso, kamavala kasipuling'i m'chiuno, ndipo kamakhala phee m'mbali mwa kabuleta, kali bii ndi fumbi ndi girizi. Anthu amatama mapisitoni, amatama giyabokosi, ena amagwada n'kumasisita matayala. Koma dalaivala akangochotsa phazi pa moto, zitsulo zikuluzikulu zonsezo zimayang'ana kwa kanthu kameneka. Kakalola, injini ipuma bwino. Kakakana, tsikani mukankhe.

Taonani kapikapu ka Nissan 1400, kamene ankakapanga ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka mu 2008, ndipo mpaka lero kakunyamulabe matumba a chimanga ndi madengu a tomato m'misewu yathu. Injini yake, A14, ndi ya masilinda anayi, 1397cc, giya yosintha ndi dzanja. Mukufika pa raundabauti ya Clock Tower mu Blantyre, mwaponda kilachi, mwaponda buleki. Pamenepo injini yalekana ndi matayala, palibenso liwiro la galimoto loti liikokere kutsogolo, yatsala yokhayokha. Iyenera kutsika kuchoka pa kulira kwa mu msewu n'kudzakhazikika cha m'ma 750 pa mphindi, osapitirira kutsika mpaka kuzima. Werengani bwino: kuzungulira ka 750 pa mphindi, pa injini ya masilinda anayi, ndiye kuti petulo akuphulika ka 25 pa sekondi iliyonse. Kuphulika konseko, mwadongosolo lake la 1-3-4-2, kukudalira kampata kamene kasikuluwu aka kasiya.

Pakuti m'khosi mwa kabuleta muli kachitseko kozungulira kamene kamatseguka mukaponda moto. Mukachotsa phazi, kachitseko kamafuna kutsekeka ndithu, ndipo kakanatero mpweya sukanadutsa. Kasikuluwu ndi kamene kamaimirira pamenepo n'kukana kuti chitseko chitsekeretu. Kampata kake n'kochepa moti ndi maso simungakayeze, komabe matani a katundu, ulendo wa ku chigayo, wodwala amene akuthamangira naye kuchipatala usiku, zonse zimadutsira pomwepo. Ndiuzeni chitsulo china cha msinkhu wotere chimene chinasenzapo udindo ngati uwu.

Kali ndi mnzake, kasikuluwu kena kosongoka kunsonga, kamene ntchito yake ndi ya unkhoswe pa ukwati wa mpweya ndi petulo. Mabuku amati, potengera kulemera kwake, magawo 14.7 a mpweya amafuna gawo limodzi la petulo, ngakhale kuti injini ikaima imakonda petulo wochulukirapo pang'ono. Nkhoswe ikakondera petulo, ekizozi imatulutsa utsi wakuda, maso amawawa, mapulagi amachita mwaye. Ikakondera mpweya, injini imanjenjemera, imakwera n'kutsika, kenako zii. Kutembenuza gawo limodzi la magawo anayi a mzunguliro kumasintha mawu a galimoto yonse.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: kanthu kolemekezeka chonchi ndi kamene kamanamiziridwa milandu ya ena. Galimoto ikayamba kuzima pa maloboti, aliyense amathamangira sikuludiraiva. “Ingoikwezani aidiling'i, bwana, ikhala bwino.” Amakatembenuza, injini n'kumalira pa 1,200 kapena kuposa, dalaivala n'kumapita wokondwa. Matenda ali pomwepo, angofunditsidwa. Petulo amene mwamugonera pa mzere akupsa galimoto ili chiimire, ndipo giya ya livesi yayamba kukukuta polowa. Kasikuluwu sikanalakwe kanthu. Kanali pamalo pake zaka ndi zaka, sipuling'i itakagwira kuti kugwedezeka kwa injini kusakasunthe ngakhale pang'ono.

Makaniko wodziwa ntchito, kaya wa ku Ndirande kaya wa kwa Biwi, amakafikira komalizira. Amayamba wadikira injini itenthe, n'kuona ngati choki chatsegukiratu, chifukwa injini yozizira imanama. Kenako amatchera khutu. Mpweya wolowera pakhomo lolakwika, wosadutsa pa kabuleta, ndiwo mdani wamkulu wa aidiling'i, ndipo umamveka ndi kamluzu kakang'ono. Timapaipi ta labala timauma ndi kutentha n'kung'aluka kumapeto. Gasiketi ya pansi pa kabuleta imatha. Makaniko amatenga chidutswa cha paipi, mbali ina pa khutu, mbali ina n'kumayendetsa m'mbali mwa injini kufunafuna kamluzuko. Amapana paipi iliyonse ndi pulayazi: injini ikasintha mawu, wapeza poyambira. Amauza mwini galimoto kuti aponde buleki. Injini ikagwedezeka nthawi yomweyo, amakayikira busita ya mabuleki kapena paipi yake, pakuti nayonso imayamwa kuchokera ku injini.

Ndiye amabwera ku moto wa mapulagi. Amazula waya wa pulagi umodziumodzi. Akazula wina injini osasintha kaliridwe, silinda imeneyo inagona kale, ndipo ngakhale mutatembenuza kasikuluwu mpaka dzuwa kulowa siingadzuke. Amayang'ana mapointi m'disitibyuta ngati galimotoyo ili nawo, amayang'ana taiming'i. Amaona ngati waya wa pedulo ya moto sukukakamira, chifukwa nthawi zina injini imalira kwambiri kaamba ka waya wouma kapena mphasa imene yapanikiza pedulo. Fyuluta ya petulo nayo amaiona.

Pali jeti ya aidiling'i, kabowo kake kochepa kwambiri moti kamchenga kamodzi kochokera m'chigubu kamakatseka. Chizindikiro chake ndi ichi: pa msewu galimoto ikuthamanga bwinobwino, koma mukangoponda kilachi, yazima. Jetiyi amaipemerera ndi mpweya. Kuitokosa ndi waya n'kuikulitsa bowo mpaka kalekale. Makabuleta ambiri alinso ndi kasolenoidi kotseka petulo mukazimitsa kiyi. Mukatembenuza kiyi kayenera kumveka kuti “tha”. Kakapanda kutero, petulo wa aidiling'i safika n'komwe, mwina chifukwa cha kawaya kamodzi kothothoka.

Zonsezi zikayera, ndiye nthawi ya mfumu yakwana, ndipo munthu amayandikira ndi dzanja lofewa. Kasikuluwu kosongoka kaja amakalowetsa pang'onopang'ono mpaka kangokhudza pansi, osakakamiza, chifukwa nsonga yake ikachita mzera sikadzayezanso molondola. Amakabweza mizunguliro iwiri kapena kuchepera apo, n'kuliza injini. Amatembenuza pang'ono, n'kudikira injini iyankhe, n'kutembenuzanso, kufikira pamene ikulira mosalala kuposa pena paliponse. Pokhapo ndi pamene amagwira kasikuluwu ka aidiling'i kaja n'kutsitsa injini kufika pa mlingo wake. Ena ali ndi geji yowerenga kuzungulira kwa injini. Akuluakulu ambiri amangoika chikhatho pa galimoto, ndipo sasemphana kwenikweni ndi gejiyo.

Magalimoto a masiku ano ntchito imeneyi anaipereka kwa kompyuta, masensa ndi valavu yamagetsi, ndipo ikavuta pamafunika makina oti awerenge vutolo. Zinthu zonsezo, ndi mawaya ake, zinabwera kudzalowa m'malo mwa tisikuluwu tiwiri ndi masipuling'i ake. Ine ndimaona kuti pamenepa m'pamene pali umboni wa ukulu wa kasikuluwu aka, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu, wophunzira umakaniko aliyense akanayamba wakagwira m'manja asanaloledwe kukhudza sipanala.

Akamaliza kutchuna, makaniko amayatsa magetsi onse akutsogolo kuti alitaneta ilemetse injini, amaponda moto kwambiri n'kuusiya mwadzidzidzi, amaponda kilachi ndi buleki pamodzi. Injini ikatsika n'kukhazikika pa 750 osagwedezeka, amatseka boneti n'kutchula mtengo wake.