Gasi Watha, Bwana

Eyakoni ya galimoto sipanga kuzizira. Ntchito yake ndi kutola kutentha m'kati n'kukakutaya panja, ndipo chonyamulira chake ndi gasi amene amazungulira m'mapaipi otsekedwa. Gasiyo sapsa ngati petulo, sachepa ndi kutalika kwa ulendo. Komabe ku galaja amatha chaka ndi chaka, makamaka mu Okutobala, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutha kwake kumamveka mpaka mumphika wa ndiwo. Chitsanzo chathu ndi mwini kagalimoto kakale kochokera ku Japan, munthu amene amavala nsapato za mlembi wa nkhani ino, ndipo ngongole zawo ndi zimodzi.

Ulendo wa gasi umayambira pa kompuresa, yomwe imazunguzidwa ndi lamba wa injini. Imamupanikiza mpaka atenthe kwambiri n'kumukankhira ku condenser, kachipangizo ka timapaipi ndi timapepala ta aluminiyamu komwe kamakhala kutsogolo kwa radiyeta. Mphepo ikadutsa pamenepo imachotsa kutentha, gasi n'kusanduka wamadzimadzi.

Malo amenewa ndi oipa. Mwala uliwonse wothamangitsidwa ndi tayala la lole umafikira pa condenser. Fumbi limamata, ngumbi ndi ziwala zimafera pomwepo, mphepo n'kusowa podutsa. Fani yake ikafa, eyakoni imazizira pamsewu woyera, koma ikafika pamzere wa magalimoto imapuma mpweya wa m'khitchini. Mwini galimoto akafotokoza zonsezi mwatsatanetsatane, amakaniko amamvetsera mwaulemu, amagwira paipi imodzi ndi nsonga za zala, amayang'ana kumwamba, kenako amati: "Gasi watha, bwana." Bwanayo amagwedeza mutu mwanzeru. Iye sadziwa komwe condenser ili, koma kutchedwa bwana kumamukwanira.

Kuchoka ku condenser, gasi wamadzimadzi uja amadutsa pa kavavu kothina n'kulowa mu evaporator, yobisika kuseri kwa dashibodi. Kupanikizika kukatsika mwadzidzidzi amawira, pakuti R134a, gasi wa magalimoto ambiri akale, amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro akakhala pamtetete. Kuwirako kumayamwa kutentha kwa mpweya umene fani ikuwuzira, ndipo chinyezi chimasanduka madzi otuluka ndi kapaipi pansi pa galimoto. Mwini wathu akaona madontho amenewa amathamangira ku galaja ali njenjenje, ndipo amauzidwa kuti gasi watha.

Kapaipi kaja kakatsekeka, madzi amanyowetsa mapazi a mayi wa kunyumba. Nkhungu ikamera pa evaporator, galimoto imanunkha masokosi. Sefa ya mpweya ikadzaza fumbi, mphepo imafooka ndipo evaporator imatha kuundana ndi ayezi. Matenda atatu osiyana, koma mankhwala ndi amodzi, ndipo amabwera m'kachitini. Vuto lalikulu ndi pamene dzimbiri la aluminiyamu laboola evaporator yeniyeniyo, chifukwa kuti munthu aifikire ayenera kugwetsa dashibodi yonse. Mtengo wa ntchitoyo ukatchulidwa, mwini galimoto ndi amene amayamba kuchonderera kuti mwina, achimwene, gasi wangotha.

Pamenepa nthabwala ichepe. Gasi akachepa msanga ndiye kuti pali pobooka, ndipo njira zopezera bowolo zilipo: utoto wowala pa nyali ya UV, kapena kupopera nayitrojeni n'kuyang'ana ngati geji ikutsika. Kuthira gasi osafufuza n'kugulitsa katundu yemwe wogulitsayo akudziwa kuti athawa. Kumene amathawirako si kwabwino. Gasi wakale wa R12 anathetsedwa potsatira pangano la Montreal la 1987 chifukwa chowononga ozoni, ndipo R134a amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide maulendo oposa 1,400 pa kilogalamu iliyonse. Ku Ulaya anamuletsa m'magalimoto atsopano kuyambira 2017, ndipo ambiri tsopano amagwiritsa ntchito R1234yf. Kuno R134a amalipiridwa kuti auluke.

Eyakoni yosayatsidwa miyezi yambiri nayonso imawonongeka, chifukwa mafuta amene amayenda pamodzi ndi gasi safika pa timphira totsekera, timauma n'kuyamba kudontha. Mwini galimoto wathu amaizimitsa nyengo yonse yozizira pofuna kusunga gasi, ndipo Okutobala akafika amapita ku Chikwawa mawindo onse ali pansi, malaya atamatirira kumsana, akuwauza apongozi kuti mphepo yachilengedwe ndi yabwino pa chifuwa.