Dzichepetseni Mpaka Mpingo Wonse Udziwe

Ndakhala m'makomiti a mpingo mpaka dazi kumera, ndipo chomwe chimandiwawa n'chakuti Akhristu ambiri akudzichepetsa mwaulere. Munthu amasesa m'tchalitchi Loweruka lililonse, amakazonda odwala, amagona pasiwa mpaka nthiti kuphwanya, koma mukafunsa pamsonkhano kuti kodi uja ndani, anthu amangoyang'anana. Kumeneko n'kusakaza chuma. Kudzichepetsa kuli ngati feteleza wa makuponi: kumapezeka movutikira, ndiye sungakathire kumunda wa kuseri kwa phiri komwe palibe wodutsa woti ayamikire chimanga chako. Khalani pansi, abale ndi alongo, ndikugawireni nzeru zomwe ena akanakulipiritsani.

Tiyambe ndi nkhani ya mpando. Mu Luka chaputala 14, Ambuye Yesu analangiza oitanidwa kuukwati kuti asathamangire malo aulemu, koma akhale kumbuyo, mwina mwini phwando n'kudzawakokera kutsogolo. Ambiri amawerenga pamenepa n'kumva theka loyamba lokha, la kukhala kumbuyo. Inu gwirani theka lachiwirilo. Fikani nyimbo yoyamba itatha, tchalitchi litadzaza. Khalani pabenchi lomaliza, pafupi ndi khomo, pakati pa ana, mutatchena suti yanu ya pa Khirisimasi. Khosomolani pang'ono kuti wolandira alendo akuoneni. Akabwera kudzakunyamulani, kanani: "Iyayi, pompano pali bwinobwino." Kananinso kachiwiri. Kachitatu musayerekeze, chifukwa olandira alendo a masiku ano ndi achinyamata, amakhulupirira zomwe munthu wanena. Mnzanga wina anakana katatu, ndipo anatha mapemphero onse ali pomwepo, khanda la eni likumupukutira mamina pajekete.

Mukavomera, yendani pang'onopang'ono, msana wopindika pang'ono, manja mutagwira pamimba, nsapato zikulira. Amene anafika m'mawa n'kukhala kutsogolo, mpingo waona nkhongo yake yokha. Inu wakuonani yense, kuyambira kuphazi.

Ana a Zebedayo aja, Yakobo ndi Yohane, analakwitsa pomwepa. Anapempha mipando ya kumanja ndi kumanzere poyera, ndipo Mateyu akuti anachita kudutsira mwa mayi awo. Zotsatira zake, anzawo khumi aja anakwiya, mipando osaipeza. Udindo sapempha. Chisankho cha akulu a mpingo chikayandikira, gulirani akwaya Fanta masabata atatu otsatizana, kenaka muzinena paliponse, ngakhale pomwe sanakufunseni, kuti inu za maudindo mulibe nazo ntchito. Akakusankhani, gwirani kumutu ngati mwamva za maliro. Akakupatsani mpata woyankhula, yambani ndi kunena kuti sindinu woyenera kuima pamaso pa akuluakulu, ndipo simuchulutsa gaga m'diwa. Mawu amenewa ndi chiphaso choyankhulira mphindi 40.

Pali liwu limodzi lomwe latithandiza kwambiri: mtumiki. Poyamba linali liwu loopsa. M'buku la Machitidwe chaputala 6, anthu 7 aja, Stefano ndi anzake, anawasankha kuti aziona za chakudya cha amayi amasiye, ntchito ya mbale ndi miphika. Mpaka lero m'mipingo ina atumiki ndi aja oyenda ndi mbale ya chopereka ndi kukonza mabenchi. Koma chinenero chimakula. Lero mukamva kuti mtumiki wa Mulungu wafika, dziwani kuti pali wina womunyamulira Baibulo, wina foni, wina kathawulo kopukutira thukuta, ndi anyamata awiri a magalasi akuda okankha nkhosa kuti zisayandikire mbusa. Limbikirani kufika pamenepo. Palibe chokoma ngati kutchedwa wantchito uku ukutumikiridwa.

Tsopano za pakamwa, pakuti Mkhristu amadziwika ndi mawu olimbikitsa. Atumwi anapatsa Yosefe wa ku Kupro dzina loti Barnaba chifukwa cha mphatso yolimbikitsa anzake. Vuto la Barnaba n'lakuti kulimbikitsa kwake kunali kodula: anagulitsa munda n'kupereka ndalama zonse, ndipo pomwe ophunzira a ku Yerusalemu ankamuopa Saulo, iye anamugwira dzanja n'kukamuikira umboni. Njira imeneyo ingakusiyeni opanda munda. Ilipo ina yosalira ndalama.

Mukapita kukazonda wodwala, musangokhala duu. Mufunseni zomwe akumva, ndipo akatchula, pukusani mutu n'kumuuza kuti azakhali anu anayambanso chonchi, sabata sinathe. Kenaka muuzeni alimbe mtima. Mukakumana ndi banja lomwe latha zaka zinayi lopanda mwana, afunseni pakhomo la tchalitchi, anthu akutuluka, kuti kodi akudikira chiyani, poti Sara yemwe anabereka ali ndi zaka 90. Mnyamata amene wayenda ndi ma envulopu a khaki ku Kanengo mpaka nsapato kutha, muuzeni kuti aunike moyo wake, mwina pali tchimo lomwe sanalape. Mayi woferedwa mwana muuzeni kuti Mulungu wathyola duwa lomwe analikonda, ndipo poti akadali wamng'ono abereka wina. Onsewa adzapita kwawo osakuiwalani.

Anzake a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, poyamba anachita zachibwana. Anafika n'kukhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osatulutsa liwu. Tangoganizani, sabata yathunthu, alaliki atatu, omvera alipo ndipo sangathawe! Mwamwayi anadzidzimuka n'kutsegula pakamwa, ndipo anamufotokozera Yobu bwino lomwe kuti mavuto akewo anawaputa yekha. Amenewo ndiye machaputala oti mutengere chitsanzo. N'zoona kuti kumapeto Mulungu anawakwiyira chifukwa cha zoyankhula zawozo, koma zimenezo zili mu chaputala 42, ndipo ndi ochepa amafika kumeneko.

Miseche ndi tchimo, musaiyandikire. Kalata ya Yakobo inafanizira lilime ndi kamoto kotentha nkhalango yonse, ndipo ife amene timaona mapiri akuyaka mu Okutobala chifukwa cha wosaka mbewa mmodzi sitifunika kutimasulira. Choncho ngati mwamva kuti mwana wa amayi busa ali ndi pakati, musanene ngati nkhani. Ibweretseni ngati pempho la pemphero. Tsitsani mawu, yang'anani uku ndi uku, n'kunena kuti, "Ndikukuuzani kuti tiwakumbukire m'mapemphero, zisatuluke." Tchulani miyezi, tchulani amene akumuganizira, kuti opempherawo asaphonye. Mukatero ikani pagulu la WhatsApp la amayi, pansi pake timanja topemphera. Pofika Lachinayi nkhani idzakhala itafika m'milaga yonse, inu m'manja muli mbee.

Kutumikira ndiye kumafuna maso akuthwa, chifukwa ntchito za mpingo zili mitundu iwiri: zoonekera ndi zotopetsa. Kawirikawiri sizikhala pamodzi. Taonani pamaliro. Adzukulu amalawirira kumanda kusanache, makasu paphewa, kukalimbana ndi nthaka youma gwaa. Amayi amakhala kuseri kwa nyumba, maso ofiira ndi utsi, akuvundula nsima ya anthu mazana ndi mthiko wotalika ngati munsi. Amayi a Chigwirizano, a Mvano, a Umanyano, a Dorika ndi a m'miphakati amachezera kuimba usiku wonse, ena kusambitsa thupi. Kodi munamvapo mwini mwambo akuwerenga mayina awo? Amangoti tikuthokoza adzukulu ndi amayi onse, basi. Inu fikani cha m'ma 11 koloko, nthawi ya zoyankhula, nkhata yamaluwa m'manja. Chipepeso chanu musapereke kwa namfedwa mwakachetechete. Pitani nacho kwa wolemba m'kope, ndipo muonetsetse kuti dzina walemba bwino ndi udindo womwe. Nsima ikabwera, nenani kuti mudya ndi anthu wamba, koma muime pomwe angakuoneni aja otengera alendo kunyumba ya nkhuku.

Amayi a Dorika anatenga dzina kwa mayi wa ku Yopa uja amene ankasokera amasiye zovala. Atamwalira, amasiyewo anaonetsa Petro malaya omwe anawasokera, akulira. Onani kuchedwa kwake: ntchito zake zinadzaonetsedwa iye atagona kale. Mukanakhala inu, mukanadikira zimenezo?

N'chifukwa chake Mulungu anatipatsa foni. Namondwe Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera mu Malichi 2023, panali anthu amene anakumba matope ndi manja kufunafuna anzawo, ena anasunga mabanja atatu m'nyumba ya zipinda ziwiri. Zithunzi zawo n'zochepa, ndipo pomwe akuonekapo ali ndi matope, osazindikirika. Thandizo lokonzeka bwino limatere: anthu khumi ovala malaya ofanana, thumba limodzi la ufa pakati, aliyense chala chili pathumbapo, wolandirayo ataima pambali osamwetulira kwambiri kuti aoneke kuti ngovutikadi. Wina akakukumbutsani za Mateyu chaputala 6, pomwe akuletsa kuliza lipenga popereka ndi kuti dzanja lina lisadziwe zomwe linzake likuchita, muyankheni modekha. Lipenga simunalize. Ndipo dzanja lamanzere silikudziwadi kanthu, lili kalikiliki kujambula.

Pa Pepa Sande musaponye K5,000 yanu kamodzi ngati munthu wopanda nzeru. Isintheni ikhale ma K50 ndi ma K100, muziponya imodziimodzi uku mukuvina, nyimbo ithe, ayambe ina, inu mukadali kutsogolo. Mayi wamasiye wa timakobiri tiwiri uja anayamikiridwa, inde, koma anali ndi mwayi woti Yesu mwini anakhala moyang'anana ndi mosungiramo zopereka. Inu mwayi umenewo mulibe. Amene akuyang'ana ndi msungichuma. Kuposa apo, phunzirani kulonjeza. Imani, landirani maikolofoni, lonjezani matumba 50 a simenti. M'manja mudzawombedwa lero lomwe, simentiyo ndi nkhani ya mawa. Hananiya ndi Safira anagwa chifukwa anabweretsa gawo la ndalama n'kunena kuti ndi zonse. Wolonjeza sabweretsa kalikonse, ndiye palibe pomugwira. Komiti ikakutsatirani, auzeni kuti zinthu zakwera, akupempherereni.

Chenjerani ndi mwambo wosambitsana mapazi. Pa Yohane 13 Ambuye anavula chovala chakunja, n'kumanga nsalu m'chiuno, n'kugwira mapazi a anthu oyenda m'fumbi, ntchito yomwe inali ya kapolo. Akatolika amakumbukira zimenezi Lachinayi Loyera, a Seventh Day amachita asanadye Mgonero. Mwamwayi tinaukonza mwambowu: amene akudziwa kuti asambitsidwa amayamba wakwecha zikang'a ndi mwala kunyumba, n'kudzola mafuta, kotero kuti chofika m'beseni ndi phazi loyera kale. Ngati kumpingo kwanu mumasankhana, sankhani wa sokosi. Papa Francis mu 2013 anakachitira mwambowu kundende ya achinyamata ku Rome, n'kusambitsa ndi kupsompsona mapazi a akaidi. Zoterozo zisiyireni apapa. Mukayamba kutengera, mudzapezeka muli kundende ya Maula ndi beseni, Lachinayi lake lisanafike n'komwe.

Ndipo musadandaule kuti mbiri idzakuiwalani chifukwa simunagwire njerwa. Tchalitchi la St Michael and All Angels ku Blantyre linamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo dzina lomwe mlendo aliyense amauzidwa ndi la m'busa David Clement Scott. Amene anaponda dothi, kuumba njerwa zija ndi kuziwotcha timangowatchula kuti anthu akuderalo. Pomanga tchalitchi lanu, khalani wa chikwangwani.

Chotsala n'kukuchenjezani za mtundu wina wa anthu omwe amaononga dongosolo lonseli. Kumpingo kwathu kuli gogo wina wotero. Mayi a kunyumba atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, abale mwa Ambuye anabwera ambiri, anapemphera mokweza mpaka anamwino kudzatiletsa, ndipo tinajambulitsa. Gogoyu kuchipatalako anangofikako kamodzi, osanena zambiri. Koma m'mawa uliwonse ndinkapeza pakhomo posesa, ndowa zodzaza madzi, ana atamwa phala n'kupita kusukulu. Masabata atatu. Nditati ndimuthokoze pamaso pa mpingo, anandigwira mkono n'kundifunsa ngati odwalawo ayamba kudya. Munthu wotere amakusowetsa mtendere. Ukaima kutsogolo n'kumanena kuti ndiwe wosayenera, iye ali pabenchi lakumbuyo lija, pomwe wolandira alendo sabwera kudzamunyamula, n'kumagwedeza mutu ngati akuvomereza.

Tinakambirana kukomiti kuti njira yomuthetsera ndi kumupatsa satifiketi yaulemu, kuti naye alowe m'gulu la odziwika. Tinasindikiza yokongola, ya mphepete zagolide, tinaitana ndi wojambula. Tsiku lomupatsa sanabwere. Akuti anali kuchipatala, kudikirira mwana wa neba. Mlembi atati alembe dzina, tinapeza kuti tonse khumi ndi awiri timangomudziwa kuti agogo a tsache. Satifiketiyo ili m'kabati ya kuvesitile mpaka lero, pamzere wa dzina pali mbee. Pansi pake pokha ndiye ndinasainiratu ine, wapampando, ndi zilembo zikuluzikulu.