Ndinaulutsa pasiwedi ya achimwene pakhonde

Kwathu kwa Kanduku, munthu ukangokhalako ku Blantyre n'kubwerako ndi foni yotsetsereza chala, basi wasanduka injiniya. Ine udindowu ndinaulandira ndi manja awiri. Foni ikazima, ikadzaza, ikakana WhatsApp, imabwera kwa ine, ndipo ndimaitembenuza modzikhulupirira ngakhale mankhwala anga ndi amodzi okha, kuizimitsa n'kuiyatsanso.

Achimwene anga aakulu saona. Maso anawathawa ali mnyamata, koma foni amaidziwa kuposa ine wa maso awirine. M'foni mwawo muli TalkBack, pulogalamu ya Google yomwe inayamba kupezeka m'mafoni a Android mu 2009. Akayendetsa chala pagalasi, foni imanena chomwe chalacho chakhudza. Akagogoda kawiri, chinthucho chimatseguka. Imalankhula Chingerezi, ndipo iwo anaithamangitsa liwiro moti ine ndimangotolapo mawu amodzi pa khumi, n'kumagwedeza mutu kuti ana asadziwe.

Inali nyengo ya manachesi, madengu ali mbwee pabwalo. Achimwene ankafuna kulowa mu imelo yawo pa intaneti. Polemba adiresi, foni inkatchula chilembo chilichonse bwinobwino. Atafika pabokosi la pasiwedi inasintha nyimbo, n'kumangoti dot, dot, dot. Atamaliza, tsamba linakana kuti pasiwedi yalakwika. Anayesanso, chimodzimodzi.

"Mphwanga, tandibwereka mahedifoni ako."

"Mahedifoni a chiyani, achimwene? Foniyi yalowa vayilasi. Bweretsani kuno."

Taonani, munthu wapempha chinthu chimodzi, chomveka, chomwe chinali m'thumba mwangamo. Ine ndinalanda foni, n'kuyamba kufukula ku settings mpaka ndinapeza kabatani kolamula TalkBack kuti izitchula pasiwedi nthawi zonse. Ndinakayatsa. Pofuna kuti ntchito yanga ioneke, ndinakwezanso voliyumu mpaka pamapeto.

Pakhondepo panali alamu akusankha nyemba, amayi awiri odzapikula manachesi, ndi ana. Achimwene asanadziwe zomwe ndachita anayambanso kulemba, ndipo foni inayamba kuitana zilembo chimodzichimodzi ngati mphunzitsi wa sitandade wani. Iwo anazindikira pa chilembo chachinayi, koma kunali kutada. Mwana wawo wamkazi, amene tonse timamunyadira kuti ndi wanzeru m'kalasi, analumikiza zilembozo n'kumaliza yekha mokuwa. Linali dzina la mzimayi. Silinali la alamu.

Nyemba zinasiya kugwera m'lichero. Achimwene anati ndi dzina la mphunzitsi amene anawaphunzitsa zilembo za Braille. Alamu anangoti, "Eya, aphunzitsi ake abwino," ndipo mlandu umenewu sunagamulidwe mpaka lero. Amayi a manachesi aja anagula msanga osanenerera n'komwe, kuthamangira kukapereka lipoti kumsika.

Madontho aja sanali matenda. Wopanga tsamba akalemba kuti bokosi ili ndi la pasiwedi, ife a maso timaona timadontho m'malo mwa zilembo, kuti wosuzumira paphewa asawerenge. Pulogalamu yowerengera anthu osaona imalemekeza lamulo lomwelo, koma ku makutu. NVDA, ya ulere ya pakompyuta yomwe Michael Curran wa ku Australia anaiyamba mu 2006, imauza munthu kuti bokosilo ndi lotetezedwa ndipo akamalemba imangoti star. TalkBack inapangidwa kuti zilembo za pasiwedi izitchula pokhapokha mahedifoni akalowa, pamene womva ali mmodzi. Achimwene ankadziwa zonsezi. Chomwe ankafuna n'kumva pomwe chala chikuphonya, chifukwa pagalasi losalala zilembo zimathithikana ndipo dot sakuuza ngati wakhudza m kapena n. Vuto limenelo ndi lenileni. Wa maso amadina kachithunzi ka diso n'kuona zomwe walemba. Wosaona akadina kadiso komweko pagulu, foni ikhoza kuwerengera mudzi wonse. Masamba enanso amaletsa kumata pasiwedi yomwe foni inasunga, kukakamiza munthu kulemba pamanja. Malangizo a dziko lonse lapansi a kapangidwe ka masamba, otchedwa WCAG 2.2, omwe anatuluka mu Okutobala 2023, amanena kuti polowa munthu asamakakamizidwe kudalira kukumbukira kokha popanda chomuthandiza chonga kumata kumeneku. Ambiri opanga masamba sawawerenga.

Koma ndisabisale kumbuyo kwa opanga masamba, tchimo langa ndi lakale. Ndalama za pafoni timatumiza poimba manambala a nyenyezi aja, ndipo kabokosi kake sikabisa kanthu: nambala yachinsinsi imaoneka poyera, foni n'kuitchula monga nambala ina iliyonse. Ine ndinapezerapo mwayi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwauza achimwene kuti, "Ingondiuzani nambalayo ndikulembereni, musavutike." Ndinkadziona ngati mphwawo wachifundo. Sindinawabere tambala, Mulungu ndi mboni, koma ndinkadziwa ndalama zomwe ali nazo, omwe awatumizira, ngakhale tsiku lomwe ndingawapemphe ngongole osakanidwa. Ine nambala yanga sindinauzepo ngakhale mayi wa ana anga.

Madzulo a tsikulo ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza atazimitsa kale kabatani kanga kaja, pasiwedi atasintha, mahedifoni a mwana wa neba ali m'makutu. Ndinayamba kufotokoza kuti ndinkangofuna kuthandiza, ndipo ndinawonjezera modzitama kuti nambala yawo ya ndalama ndaisunga mumtima zaka zonsezi osauza munthu.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Nambala iti? Ija ndimasintha ukangotembenuka iwe. Ukuganiza kuti ndine mwana?"

Ndiye kuti kamuna ine ndakhala ndikulondera manambala akufa, n'kumayenda pamudzi chifuwa chili patsogolo.

Inu amene muli ndi m'bale wosaona, mukapita ku boma ku Mwanza kapena kumsika uliwonse, mumugulire mahedifoni, a waya omwewa otchipa akwana. Akafika pabokosi la pasiwedi, sunthani pang'ono mukaone mbuzi. Akafuna thandizo akuitanani yekha, ndipo mumupatse chomwe wapemphacho.