Nyumba Yaukhondo Imadziwika ndi Chifuwa

Ku Mutorashanga, m'Zimbabwe muno, fumbi silisowa ntchito. Malole onyamula miyala ya chrome m'mapiri a Great Dyke akangodutsa, ilo limalowa pazenera osaodira, n'kukakhala patebulo, pawailesi, mpaka pachithunzi cha ukwati. N'chifukwa chake kuno ukhondo unasanduka mpikisano. Tsiku lake ndi Loweruka m'mawa, pamene mayi aliyense m'komboni amagwada pakhonde ndi chitini cha Cobra, diso lina pasimenti, lina pakhonde la mnzake.

Malamulo a mpikisanowu sanalembedwe, koma ndi mwana yemwe amawadziwa. Khonde lifiire ndipo literere, kuti mlendo ayambe wagwira chipupa asanapereke moni. Koma lamulo lalikulu ndi la mphuno: nyumba inunkhe mankhwala. Mlendo akalowa n'kuyetsemula kawiri, mwini nyumba amamwetulira. Akatsokomola mpaka kugwetsa misozi, chikho chapita basi. Nyumba yosanunkha kanthu anthu amaikayikira, ndipo pachitsime mumamva akunong'onezana kuti, "Kodi kumene kuja amakolopa, kapena amangopempherera pansipo?"

Katswiri wa m'dera lathu ndi mayi a nyumba yapakona. Iwo botolo limodzi saligwiritsa lokha. Amati mankhwala ali ngati ndiwo, amakoma akakumana mumphika umodzi. Choncho m'ndowa mwawo mumalowa Jik, mankhwala otsukira chimbudzi, kirimu wokwechera masinki, ndi kamadzi kena ka buluu kamene mlamu wawo anabwera nako kuchokera ku Chinhoyi. Loweruka lina, apongozi atatumiza uthenga woti akubwera kuchokera ku Raffingora, mayiwa anawonjezera mlingo, n'kudzitsekera m'bafa kuti fungo lisathawe. Anatulukamo chokwawa, maso ali psuu, mawu atatha. Anansi anathamangira, koma woyamba kufika, m'malo mofunsa za moyo, anakoka mpweya n'kunena mwansanje kuti, "Koma asisi inu mumadziwa kukonza pakhomo!"

Nkhaniyi ndi imene inachititsa kuti amayi a gulu losungitsana ndalama la mukando aitane anamwino a kukiliniki pa tsiku losonkha ndalama. Anamwinowo sanazungulire. Anati Jik ndi madzi a klorini, ndipo akakumana ndi chilichonse chowawasa, kaya viniga, mandimu kapena mankhwala ambiri otsukira chimbudzi, amatulutsa mpweya wa klorini, womwe uja asilikali a Germany anapoperera adani awo ku Ypres mu 1915. Akakumana ndi amoniya, yemwe amapezeka m'zokwechera zina ngakhalenso mumkodzo wogonera, amatulutsa mpweya wina wotentha mapapo.

Mayi apakona, mawu akadali osasa, anafunsa kuti, "Ndiye kuti majeremusi anafa onse, eti asisita?"

"Inunso munatsala pang'ono, mayi."

"Koma iwowo anafa?"

Pamenepo anaimirira mtsikana wa kwa asekilitale, amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo anabwera kutchuthi ndi nzeru za pa WhatsApp. Anati anthu otsogola anasiya zonsezi, masiku ano amasakaniza soda ndi viniga. Anachita chionetsero pomwepo m'kapu. Thovu linafufuma mpaka kusefukira, amayi n'kuwomba m'manja, ena kululutira. Anamwino anadikira kuti phokoso lithe, kenako anati thovulo ndi chizindikiro choti awiriwo aphana: soda wathetsa mphamvu ya viniga, viniga wathetsa ya soda, chotsala ndi madzi a kamchere. Aliyense payekha ndi wantchito. Soda amakwecha mafuta ndi kuchotsa fungo, viniga amasungunula zoyera zija zimamatirira m'ketulo ndi pampopi. Mtsikanayo anakhala pansi akung'ung'udza kuti pa vidiyo zinkaoneka bwino.

Sanachedwe kulowerera achimwene ogulitsa sopo wamadzi, amene saphonya msonkhano uliwonse wokhala ndi ndalama. Katundu wawo amapangira kuseri kwa nyumba m'diramu, n'kumuthira m'mabotolo a Mazoe, dola imodzi botolo. Pabotolo palibe pepala, palibe dzina, koma umboni ali nawo. "Amayi anga, taonani mtundu wake. Chobiriwira n'chachilengedwe, sichipweteka munthu." Agogo ena kumbuyo anayankha kuti dziwe la ku Ethel Mine nalonso ndi lobiriwira, anthu amachoka ku Harare kudzalijambula, koma ndi dzenje limene ankakumbamo asibesitosi. Anamwino anawonjezera kuti sopo wa achimwenewo angathe kukhala wabwinobwino, koma mwana wa zaka zitatu akaona zobiriwira m'botolo la Mazoe saganiza za mbale, amaganiza za Cream Soda. Mankhwala asamalowe m'botolo la chakumwa, akhale pamwamba pomwe mwana safika, ndipo mwana akamwa musamusanzitse, thamangani naye kukiliniki botolo lili m'manja.

Bambo mmodzi yekha amene analipo, wobwera kudzatenga kiyi kwa akazi awo, anaona kuti mwamuna sangachoke osasiya nzeru. Anati kwawo alibe vuto, chifukwa madzi okolopera ndi akumwa omwe amasunga m'chigubu cholimba chimene anatola kumunda wa fodya, ndipo nyerere sizichiyandikira. Anamwino anawafunsa ngati anadzifunsapo chifukwa chimene nyererezo zimathawira. Chigubu cha mankhwala ophera tizilombo sichiyera ndi kutsukuluza, chimafunika kubooledwa kuti wina asadzatungirenso. Bambowo anatenga kiyi wawo mwaulemu n'kukumbukira kuti ali ndi ulendo.

Tsono funso linabwera: nanga chotsukira chimodzi chosapweteka, chokwanira nyumba yonse, n'chiti? Yankho linakhumudwitsa onse. Sopo wobiriwira wamtanda kapena kasopo kambale pang'ono m'madzi ofunda, chikolopa chochapa bwino, zenera lotsekula, ndi dzanja. Pamene pakakamira, soda. Jik asatayidwe, chifukwa pano palibe amene waiwala kolera wa 2008 ndi 2009 amene anapha anthu oposa 4,000 m'Zimbabwe muno, kapena amene anayambira ku Chegutu mu 2023. Koma Jik ndi wa chimbudzi ndi nthawi ya matenda, wothira m'madzi ozizira pa mlingo wolembedwa pabotolo, pamalo poti patsukidwa kale ndi sopo, ndipo yekhayekha.

Agogo aja anaseka mpaka kugwira nthiti. Iwo anabwera ali kamtsikana kuchokera ku Ntcheu m'masiku a Chitaganya, bambo awo atamva kuti ku mapulazi a fodya ndi kumigodi kuli ntchito. Anati moyo wawo wonse mapoto awo awala ndi phulusa ndi mchenga, phulusa lomwe lija amachezera chidulo cha therere, ndipo sanagonepo m'chipatala chifukwa chotsuka mbale. "Koma inu ana, chinthu chikakhala chaulere mumati n'chauve."

Amayi onse anavomereza kuti mawu a akulu akoma akagonera. Anawomba m'manja, anathokoza asisita, asekilitale n'kulemba m'kope kuti kuyambira lero gulu lasankha sopo ndi madzi. Kenako mayi wina anafunsa chapansipansi kuti, "Nanga alendo adziwa bwanji kuti takolopa?" Panakhala chete wa anthu oganiza zakuya. Anagwirizana kuti m'nyumba azitsuka ndi sopo monga ananenera asisita, koma kachikolopa konyika mu Jik kazikhala kuseri kwa chitseko cha pabalaza, kuti ulemu usachoke pakhomo.

Amene anapindula kwenikweni ndi achimwene a sopo. Sabata yotsatira anatulukira ndi katundu watsopano: ufa wotuwa wosefa bwino, m'timabotolo tokhala ndi pepala lachingerezi, wochokera kunja, wosapweteka ana, madola awiri. Unatha tsiku lomwelo, ndipo mayi apakona anagula atatu. Agogo akuti sakudziwa kanthu za malondawo, kungoti masiku ano mnyamatayo amawalemekeza kwambiri, m'mawa uliwonse amabwera kudzawapalira moto ndi kuwasesera pamafuwa, ndipo salola kulipidwa.